Jekete Yowala ya Pamlatho

"Ndiye munamutchula? Inu abambo, pamaso pa apolisi, munatsegula pakamwa panupo n'kutchula mchimwene wanga?"

"Anandifunsa, mayi. Ndikanati chiyani?"

"Mukanati simunaone! Anzanu onse aja analibe maso? Bwanji iwo sanaone kanthu?"

"Iwo sanawanyamule mayi aja. Ndinawanyamula ndine. Magazi awo ndi awa ali pamalayawa."

"Malayawo ndichapa! Koma mwana wa mayi anga wagona m'chitokosi chifukwa cha mlamu wake weniweni. Kwathu ndikanena kuti chiyani? Ndikawayang'ana bwanji?"

Khoma lolekanitsa nyumba yanga ndi yawo ndi la njerwa imodzi, ndipo silifika kudenga. Aneba akayetsemula, amene ndimadzidzimuka ndine. Choncho musandinene kuti ndimatchera khutu nkhani za eni ake. Nkhanizo zimandipeza zokha ndikumwa tiyi wanga, ndipo m'mawa umenewo tiyiyo anazizira m'kapu ndisanamulawe.

Ine ntchito yanga ndi yosesa msewu, n'chifukwa chake pano amanditcha Amayi a Tsache. Gawo langa ndi mlatho wolowera m'tauni. Pakati pa mlathowo pamadutsa magalimoto, m'mbali muli kanjira ka ife oyenda pansi, kopapatiza moti amayi awiri onenepa sangapatukirane popanda kupepesana. Uku kuli zitsulo zotchinga kuti munthu asagwere mumtsinje, uku kuli kachipupa kolekanitsa ndi msewu. Ukalowamo walowamo, kothawira kulibe.

Kanjira kameneko akabaza anakalanda kale. Amabwera ali liwiro, kasitomala ali pa kaliyala, chala chili pa belu. Ndipo belu lawolo silitanthauza kuti zikomo ndidutse nawo, ayi. Limatanthauza kuti choka ufa. Munthu umangodziphatika ku zitsulo ngati buluzi, dengu lili pamutu, mwana ali kumsana. Akakukhula ndi chiwongolero amakutukwananso: "Mulibe makutu?" Ine miyendo yangayi ili ndi zipsera zawo, ndipo ndinene poyera, akabaza sindiwakonda.

Koma aneba angawa ndi ena. Nawonso ndi akabaza, ndipo anzawo amawatcha Abusa. Si za tchalitchi ayi. N'chifukwa choti akafika pamlatho amatsika njinga, n'kupempha kasitomala kuti nayenso atsike, awoloke wapansi. Makasitomala othamanga amawazemba. Anzawo amawakuwiza kuti, "Abusa, tiyimbireni nyimbo yotsekera!" Iwo amangomwetulira, njinga ili m'manja.

Mlamu wawo, mchimwene wa mkazi wawo, ndiye anali wosiyana nawo ngati usiku ndi usana. Ameneyo ankatchedwa Mphezi. Mabuleki a njinga yake anatha kale, ankaimitsa ndi chidendene. Koma belu lokha anali nalo lalikulu, losasa mawu ngati tambala wachimfine, lomwe aliyense pamlathopo ankalidziwa.

Tsiku la ngoziyo ine ndinali kutsidya ndikukhuthula wilibala, ndinangomva mfuu. Panali mayi ena achikulire omwe m'mawa uliwonse ankawolotsa amuna awo osaona, kuwaperekeza ku shopu kumene amaluka mipando. Njinga inawawomba mayiwo n'kuwathyola mwendo pantchafu. Wowagundayo sanaime. Akabaza onse omwe analipo anangoti balala, kupatula Abusa. Iwo anawanyamula mayiwo, nawathamangitsira kuchipatala, ndipo apolisi atafunsa kuti wagunda ndani, anayankha.

Apa ndiye panali mlandu. Pa siteji ya akabaza pali lamulo losalembedwa: mnzako akagunda munthu, iwe sunaone.

"Mphezi akuti si iye," anatero mkazi wa Abusa kuseri kwa khoma. "Akuti inu mumamuda chifukwa amanyamula anthu ambiri kuposa inu."

"Mlamu wanga ndimamukonda, mayi. Njinga ndinamuphunzitsa kupalasa ndine."

"Chikondi chanji chomuperekera kupolisi? Ndiye dikirani muone. Jekete ija akulandani. Tidzadya ulemu wanuwo m'nyumba muno!"

Jekete imene ankanenayo ndi ija yowala, yokhala ndi nambala kumsana, yomwe wakabaza aliyense amavala. Wopanda jekete sanyamula munthu pa siteji iliyonse m'tauni muno. Anzake amamuthamangitsa ngati galu wolowa m'butchala. Banja lonse la aneba anga, ana awo awiri ndi lendi ya nyumba, zonse zinali pa kansalu kameneko.

Patangopita masiku ochepa, Mphezi atatulutsidwa kuti azidikira mlandu ali kunyumba, ndinawapeza agogo osaona aja ataima okha poyambira mlatho. Ndodo yawo inali m'manja. Akati aponye phazi, belu ngiriii! Iwo n'kubwerera m'mbuyo. Akatinso ayese, lina ngiriii! Anthu ankangowalambalala, aliyense akuthamangira kwake. Ndinatsamiritsa tsache kuti ndikawagwire dzanja, koma Abusa anandipitirira.

"Mwadzuka bwanji, agogo? Ndine uja ndinanyamula amayi tsiku lija."

"Wanjinga?"

"Eee, wanjinga."

"Ndiye ndisiyeni, mwana wanga. Zanjinga zandikwana."

"Sindinaikwere, agogo, ndikuikankha. Gwirani phewa langali. Tiyenda monga mmene mumayendera ndi amayi."

Agogo aja anakweza dzanja n'kufufuza phewalo mpaka analipeza. Analowa m'kanjira, agogo uku, Abusa pakati, njinga uku. Kanjira konse kanadzaza, mpata wodutsa njinga ina panalibe. Kumbuyo kwawo mabelu anayamba kulira ngati achule a m'dambo, koma Abusa sanatembenuke. Anayenda mwa mayendedwe a agogowo, pang'onopang'ono, akuwauza kuti apa pali dzenje, apa pali khoko la nthochi. Ife oyenda pansi tinadabwa kuona kuti tawoloka mlatho wonse popanda kudziphatika ku zitsulo. Mtsikana wina wasukulu mpaka anaseka yekha.

Mawa lake anachitanso chimodzimodzi. Mkuja wakenso. Posakhalitsa amayi a madengu anazindikira, nayamba kudikira poyambira mlatho kuti awolokere limodzi ndi Abusa. Akabaza anapsa mtima koopsa.

Lamulungu masana, tcheyamani wa siteji anabwera kunyumba kwa aneba. Ndi bambo wamtali, wa chipsera pachipumi, ndipo onse amangomuti Tcheya. Anamupatsa mpando wabwino uja, umene uli ndi miyendo yonse yofanana. Ine ndinali pakhonde ndikusoka thumba la zinyalala, ndipo zonse ndinazimva.

"Abusa, ine sindinabwere kudzakangana," anayamba Tcheya. "Inu mukudziwa chimene chinatithamangitsa mumsewu. Chaka chatha lole inapera mnzathu pamlatho pomwepo. Woyendetsayo mpaka lero akuyenda."

"Ndikudziwa, a Tcheya. Bokosi lake ndinanyamula nawo."

"Nanga ndiye? Mumsewu minibasi zikutifinya, m'kanjira inu mwatitsekera. Mukufuna tiziuluka?"

"Tizitsika. Mlathowo si wautali."

"Kutsika! Kasitomala amakwera njinga kuti asayende pansi. Ukamutsitsa, mawa akwera njinga yamoto. Anyamatawa ali ndi ana, Abusa."

"Nawonso oyenda pansi ali ndi ana, ena ali nawo kumsana. A Tcheya, minibasi ikatifinyira ku chipupa timati ndi nkhanza, timatukwana tsiku lonse. Nanga ife tikafinyira mayi ku zitsulo, dzina lake n'chiyani?"

"Za ulaliki musiye. Timaliza belu, munthu wanzeru amapatuka."

"Mayi aja belu analimva. Akanatha kudumpha. Sanadumphe chifukwa dzanja lawo linali m'dzanja la amuna awo. Anawakankhira ku zitsulo, njinga n'kupeza iwo."

Ndinamva mkazi wa Abusa akuika kapu patebulo mwamphamvu.

"Mawu a siteji ndi awa," anatero Tcheya. "Mupite kupolisi mukanene kuti dzuwa linakuthobwani m'maso, simunaone bwino. Mdala ujanso mumusiye, ali ndi abale ake. Mukatero nkhani yatha, ndife amodzi. Mukakana, jekete ibwerere."

"Abambo, vomerani," anatero mkazi wawo. "Chonde. Ndagwira mwendo wanu."

"Dzuwa linali kumsana kwanga, mayi."

"Ndani akakufunseni za dzuwa? Ha! Koma ine ndiye ndinakwatiwa ndi mwala!"

Tcheya anatuluka osatsanzika. Pakhonde anandiyang'ana ngati ndine ndayambitsa, ine ndinamuyang'ananso mpaka anatembenuka yekha. Asa! Andiopseze ine, ndi tsache langa?

Sabata yotsatira m'nyumba ya aneba munalowa chisanu. Sankakangananso, ndipo zimenezo zinali zowawa kuposa mkangano. Mbale zinkangogwera patebulo popanda mawu. Ana ankasewerera kwa ine. Tsiku lina ndinakumana ndi mkazi wa Abusa pampopi, maso ake atatupa.

"Amayi a Tsache, mwamuna wanga wandipengera," anatero. "Anthu akumuyamikira kumsewuko, koma akadzasowa chodyetsa ana, oyamikirawo adzabwera ndi chiyani?"

"Sadzabwera ndi kanthu, mwanawe. Pamenepo sindikunamizani."

"Mphezi uja ndinamulera ndine. Ndinkamubereka kumsana ndisanamere n'komwe mabere. Belu lija ndinamugulira ndine tsiku limene anayamba ntchito, kuti aziyenda bwino. Wandilumbirira kuti si iye. Ndikhulupirire ndani?"

"Bwerani pamlatho m'mawa wina, mudzaone nokha."

"Ndikaone chiyani? Mwamuna wanga akusekedwa?"

Anasenza ndowa yake n'kumapita. Ndinamumvera chisoni, chifukwa mantha ake sanali abodza.

Koma anabwera. Linali Lolemba, m'mawa wa anthu ambiri. Mphezi anali atamutsina khutu kuti lero nkhani ithera pamlatho, ndiye iye anathamanga kuti akawachonderere amuna ake komaliza. Anandipeza pakati pa mlatho, chitenje chili pambali, akupuma mwabefu. Tisanalankhulane n'komwe, tinawaona akubwera.

Kutsogolo kunali Abusa ndi agogo aja, dzanja lili paphewa. Amayi a madengu, ana asukulu ndi anthu opita kuntchito anali atapanikizana patsogolo pawo. Kumbuyo kunali mzere wa njinga wosaoneka pothera, onse ali pa zishalo, phazi limodzi pansi, akukwawa. Tcheya anali patsogolo pa mzerewo, Mphezi ali pambali pake. Mabelu onse ankalira nthawi imodzi. Abale inu, phokoso lake! Agogo aja ankayenda atakweza mapewa ngati munthu amene akudikira kumenyedwa.

"Abusa!" anakuwa Tcheya. "Imani pomwepo. Mwasankha chiyani?"

Abusa anaima, natsamiritsa njinga ku zitsulo. Mabelu analeka.

"Ndinayankha kale, a Tcheya."

"Ndiye vulani jekete."

Mkazi wawo anandigwira mkono mpaka zikhadabo zinalowa. Abusa anamuona. Anamuyang'ana kanthawi ndithu, ndipo pankhope pawo panali chisoni chokhachokha. Kenako anamasula jekete ija pang'onopang'ono. Tcheya anatambasula dzanja. Koma Abusa sanamupatse. Anatembenukira kwa agogo aja.

"Agogo, kwezani mkono. Winawu. Eya."

Anawaveka, n'kuwakonza bwinobwino m'mapewa monga mmene umamukonzera mwana yunifolomu.

"Jekete imeneyi anatipatsa kuti a magalimoto azitiona, asatiphe," anatero Abusa. "Ine mukundiona kale. Amene simuwaona ndi awa. Ngati mukuifuna, a Tcheya, avuleni nokha."

Ngakhale kondakitala wa minibasi yomwe inaima pa mzere wa magalimoto anasiya kuitanira. Dzanja la Tcheya linakhala lili m'malere. Anayang'ana agogowo, nayang'ana khamu la anthu lomwe linatembenuka kumuyang'ana, ndipo dzanjalo linatsika lokha.

Mphezi ndiye analephera kupirira. Mwana wopanda nzeru! Anasuntha njinga mpaka tayala linagunda chidendene cha agogo aja, n'kukanikiza belu lake losasa lija. Khrrrii! Khrrrii!

Agogo anauma thupi lonse. Ndodo inagwa.

"Ndi lomwelo," anatero, osati mokuwa. "Ndi lomwelo, mwana wanga. Linalira chonchi, kenako dzanja la mkazi wanga linachoka m'dzanja langa." Anayamba kupapasa mumphepo. "Ali kuti? Ndigwireni. Ndigwireni, chonde."

Dzanja lomwe linali pamkono panga linachoka. Sindinaone n'komwe kuti mkazi wa Abusa wadutsa bwanji pakati pa anthu onsewo. Ndinangomuona ataima kutsogolo kwa njinga ya mchimwene wake, manja onse ali pa chiwongolero.

"Tsika."

"Achemwali, inu izi sizikukukhudzani."

"Ndati tsika! Unandilumbirira iwe. Unandiyang'ana m'maso muno n'kulumbira. Ndakhala ndikumuzunza mwamuna wanga m'nyumba chifukwa cha bodza lako. Tsika ndisanakutsitse ndekha pamaso pa anzakowa!"

"Achemwali..."

"Ndinakugulira belu kuti uzichenjeza anthu, osati kuti likhale mabuleki ako. Tola ndodo ya agogowa. Tola!"

Mphezi anayang'ana kwa Tcheya, koma Tcheya anali akuyang'ana mumtsinje. Mnyamata uja anatsika. Anawerama, natola ndodo, n'kuipereka kwa agogowo. Mlongo wake anapotokola belu lija mpaka linazuka, n'kuliponya mu wilibala yanga, pamwamba pa zinyalala. Ine ndinalikwirira ndi makoko a nthochi, ndipo sindikubisa, mtima wanga unachita kuti myaa.

Kumbuyo wakabaza wina wachikulire anatsika, n'kuuza kasitomala wake kuti, "Bwana, tiyeni tiyendeko pang'ono." Wina anatsatira. Ena anatukwana, nanyamula njinga zawo kudumphitsa kachipupa kulowa mumsewu. Tcheya anatsika pomaliza, chifukwa panalibenso njira ina yodutsira.

"Pa siteji musadzaonekenso, Abusa," anatero podutsa. "Jeketeyo ndidzaitenga."

"Ndamva, a Tcheya."

Mkazi wa Abusa anagwira agogo dzanja lina, ndipo anawoloka atatu. Njinga ya Abusa ndinawakankhira ndine, ine amene ndinalumbira kuti njinga ya kabaza sindidzaikhudza.

Musaganize kuti zinathera m'chimwemwe. Pa siteji Abusa anawachotsadi. Masiku ano Abusa amanyamula matabwa a akalipentala, ntchito yothyola msana, ndipo akafika kunyumba ndimawamva akubuula pokhala pansi. Tiyi wa aneba alibenso mkaka. Mlandu wa Mphezi ukadali kukhoti, koma anavomera, ndipo mlongo wake anamukoka khutu mpaka kuchipatala kukawaona mayi aja. Akuti anaima kumiyendo kwa bedi akulira ngati mwana. Pamlatho si onse amene amatsika. Ena akadali ndi chala pa belu, ndipo sabata yathayi wina anandithyolera tsache.

Koma jekete ija Tcheya sanabwere kudzaitenga. Loweruka lililonse ndimaiona ili pachingwe cha aneba, mkazi wa Abusa ataichapa. Ndipo m'mawa, kuseri kwa khoma, mawu amene amandidzutsa ndi ake: "Abambo, fulumirani, agogo akudikira. Matabwawo sathawa."

Dzulo Abusa ndi agogo aja anandipeza pakati pa mlatho. Agogo anaima atamva tsache langa.

"Ndinu Amayi a Tsache?"

"Ndine, agogo. Amayi akupeza bwanji?"

"Ayamba kuponda pansi. Koma tandiuzani, popeza awa ndikawafunsa amangoseka. Chimene anandivekachi n'chooneka bwanji?"

"N'chowala, agogo. Chimaoneka munthu akadali kutsidya."

"Ndiye kuti akundiona?"

Ndinayang'ana kumbuyo kwawo. Kunali njinga zingapo, eni ake ali pansi, makasitomala akuyenda pambali atakwinya nkhope. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, koma agogo anakweza chala kuti ndikhale chete. Anapendeketsa mutu, akumvetsera. Panalibe belu. Kunkangomveka kaphokoso kaja ka njinga yokankhidwa, tiki tiki tiki.

"Basi, musandiuze," anatero agogo. "Ndawamva. Atsika."

Anafinya phewa la Abusa, ndipo anapitiriza ulendo.